Funsani Aphunzitsi: Kodi boma la demokalase lingalembe mwana wanga usilikali iye asakufuna?

Mwezi uno makalata anayi andifika pa nkhani imodzi, choncho ndawaika pamodzi. Yoyambayi ndiyo ndachedwapo, chifukwa mayankho a zinazo akutsamira pa iyo.

Aphunzitsi, pakhomo panga pavuta. Chimvereni pa wailesi kuti mayiko ena a ku Ulaya ayambiranso kulemba achinyamata usilikali mokakamiza, mwana wanga wa zaka 19 ndi bambo ake sakumwerana madzi. Mwanayo akuti umenewo ndi ukapolo, ndipo dziko lochita zotere lisamadzitche la demokalase. Bambo ake akuti ana a masiku ano ndi amantha basi. Ine ndatopa kuleretsa. Akulondola ndani? — Mayi wa ana atatu

Mayi, pepani ndi phokosolo. Koma musadandaule kwambiri, mkangano wa pakhomo panuwo anthu akhala nawo kwa zaka zoposa 200, ndipo ena anafika pomenyana m'misewu. Anu akadali pa mawu.

Ndiyambe ndi mwanayo. Mumuuze kuti usilikali wokakamiza ndi ulamuliro wa anthu zinakulira limodzi. Kale ku Ulaya mafumu ankadalira kwambiri asilikali aganyu, chifukwa dziko linali la mfumu ndipo nkhondo inali ya mfumu. Anthu a ku France atachotsa mfumu yawo, mafumu oyandikana nawo anawazinga. Mu Ogasiti 1793 nyumba yawo ya malamulo inalamula kuti amuna onse osakwatira a zaka 18 mpaka 25 apite kunkhondo. Maganizo ake anali akuti, popeza mwati dziko ndi lanu, osati la mfumu, ndiye wolitchinjiriza ndinu nomwe. Kumeneko ndiko kunachokera usilikali wokakamiza monga tikuudziwira lero. Ngakhale ku Athens wakale, mzinda wa ku Greece, komwe mawu akuti demokalase anachokera, mnyamata akakwana zaka 18 ankayamba maphunziro a usilikali a zaka ziwiri.

Malamulo nawo sali kumbali ya mwana wanu. Pangano la mayiko loletsa thangata, lomwe bungwe la mayiko loona za ntchito la ILO linakhazikitsa mu 1930, linanena poyera kuti ntchito ya usilikali yolamulidwa ndi lamulo siili m'gulu la thangata. Ku America anthu ena anapita kukhothi kukanena zomwe mwana wanu akunenazo, kuti malamulo oyendetsera dziko lawo analetsa ukapolo. Khothi lalikulu linawakanira mu 1918. Demokalase sitanthauza kuti boma silikakamiza munthu. Msonkho timapereka tisakufuna. Kusiyana kwake n'kwakuti wokakamizayo tinamuika tokha, tikhoza kumutengera kukhothi, ndipo tikhoza kumuchotsa.

Komanso pali mayiko omwe anafunsa anthu eni ake. Mu 2013 ku Switzerland kunali riferendamu yofuna kuthetsa usilikali wokakamiza, ndipo anthu 73 mwa 100 alionse ovota anati ukhalepobe. Chaka chomwecho ku Austria pafupifupi 60 mwa 100 anati chimodzimodzi. Koma ku Australia, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, nduna yaikulu Billy Hughes inafunsa anthu kawiri, mu 1916 ndi mu 1917, ngati angalole kuti anyamata azitumizidwa mokakamiza kukamenya nkhondo kunja. Kawiri konse anthu anakana, ndipo boma linagonja. Funso limodzi, mayankho awiri, ndipo onsewo ndi a demokalase.

Mpaka apa bambo a kunyumba akumwetulira. Adikire kaye.

Mwana wanu ali ndi mfundo yomwe sanaifotokoze bwino. Msonkho umatenga ndalama, koma usilikali umatenga thupi la munthu, zaka zake zaunyamata, mwinanso moyo wake. Ndipo ovota ambiri si omwe amapita. Pa riferendamu ya ku Switzerland ija, amayi ndi azibambo okalamba anavota pa katundu yemwe osenza ake ndi anyamata. Ku America, pa nkhondo ya ku Vietnam, mnyamata wa zaka 18 ankatha kulembedwa usilikali pomwe m'zigawo zambiri kuvota kunkayambira zaka 21. Manyazi ake ndiwo anathandiza kuti mu 1971 atsitse zaka zovotera kufika pa 18.

Ine ndinaphunzitsa mbiri kwa zaka zambiri, ndipo phunziro ili ndinali ndi njira yanga yoliphunzitsira. Ndinkayamba ndi mtsutso, ndipo kawirikawiri mbali yoti aliyense azipita kunkhondo ndiyo inkapambana, anyamata akudziguguda pachifuwa. Kenako ndinkalemba mayina a kalasi yonse pa timapepala, n'kuika m'chipewa changa, n'kunena kuti asanu oyamba kutuluka anyamuka mawa. Kalasi inkangoti zii. Tsiku lina ndinachita dala, ndinachotsa timapepala ta ana atatu omwe ankakhoza bwino kwambiri, onse akuona, n'kunena kuti awa dziko likuwafuna kusukulu. Phokoso lomwe linabuka linaitanitsa mphunzitsi wa kalasi yoyandikana. Mtsikana wina anaimirira n'kunena kuti kupita sakukana, koma mayina atatuwo abwerere kaye m'chipewa. Mwana ameneyo anagwira mtima wa nkhani yonse, kuposa mabuku omwe ndinali nawo.

Mukayang'ana m'mbiri, chomwe chimakwiyitsa anthu kwambiri si kupita, koma kuona yemwe watsala. Mu 1863, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, lamulo linalola munthu kulipira madola 300 kuti asapite, kapena kupeza wina womupitira. Ndalama imeneyo inali pafupifupi malipiro a chaka chonse a munthu wa ntchito yamanja. Mu Julayi chaka chomwecho ku New York kunabuka zipolowe za masiku angapo zomwe zinaphetsa anthu oposa 100, ndipo mkwiyowo unagwera anthu akuda omwe sanalembe nawo lamulolo. Patapita zaka 100, pa nkhondo ya ku Vietnam, khomo lothawira linali yunivesite: wophunzira ankapatsidwa mpata wodikira, ndipo opita ku yunivesite ambiri anali ana a anthu opeza bwino. Pofuna kukonza zimenezi, pa 1 Disembala 1969 boma linachita maere pa wailesi yakanema. Anaika timabotolo 366 m'chotengera chagalasi, kalikonse kali ndi tsiku lobadwa. Loyamba kutuluka linali 14 Sepitembala. Ndiye tamverani izi: akatswiri a masamu atawerengera, anapeza kuti obadwa kumapeto kwa chaka, makamaka mu Disembala, anatuluka msanga kuposa anzawo, chifukwa timabotolo tawo tinaikidwa pomaliza ndipo sitinasakanizidwe mokwanira. Ngakhale chipewa chimakondera ngati sunachigwedeze bwino.

Lero nkhani ikadali yomweyo. Ku South Korea mnyamata aliyense wathanzi amatumikira, miyezi 18 ngati ali m'gulu lankhondo lapamtunda. Koma wopambana mendulo yagolide pa masewera a mayiko a ku Asia otchedwa Asian Games amakhululukidwa. Katswiri wa mpira Son Heung-min anapulumukira pomwepo timu yake itapambana mu 2018, ndipo anangochita maphunziro a masabata atatu. Ku Israel amuna amatumikira miyezi 32 ndipo akazi miyezi 24, koma ophunzira za chipembedzo a gulu la Ayuda olimbikira kwambiri chipembedzo lotchedwa Haredi akhala osapita chiyambire dzikolo mu 1948, ndipo nkhaniyi yagwedeza maboma angapo. Mu Juni 2024 khothi lalikulu la kumeneko linagamula kuti nawonso aziitanidwa. Khoswe wa pamkhate amakhalapo m'dziko lililonse, amangosintha dzina.

Tsono mukandifunsa maganizo anga, Mayi, ndi awa. Dziko la demokalase likhoza kulemba ana ake usilikali popanda kutaya dzina lake, ngati chiopsezo chilipodi, ngati mwana wa nduna ndi mwana wa mlonda ali m'chipewa chimodzi, ndipo ngati tsiku lomaliza ntchito likudziwika munthu asanayambe. Finland ili ndi malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia, ndipo inamenyana ndi Soviet Union, yomwe Russia inali mbali yake, mu 1939. Anthu ake ndi okwana mamiliyoni asanu ndi theka okha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mnyamata wa kumeneko amadziwa kuti akatumikira masiku 165, 255 kapena 347, malinga ndi ntchito yomwe wapatsidwa, ndipo akatha amabwerera kwawo. Yerekezani ndi Eritrea. Lamulo la kumeneko la 1995 limati miyezi 18, koma anthu akhala akusungidwa zaka ndi zaka osamasulidwa, ena akugwira ntchito za zomangamanga, ndipo dzikolo silinachitepo chisankho cha dziko lonse chipezereni ufulu mu 1993. Mwana wanu akanena za ukapolo akuloza kumeneko, ine ndim'vomereza. Akaloza ku Finland, ndim'tsutsa.

Za mantha zija, muwauze bambo kuti awerenge yankho lotsatirali.

Aphunzitsi, chikhulupiriro changa sichindilola kunyamula mfuti kapena kupha munthu, ngakhale pankhondo. Ndikanakhala m'dziko lolemba usilikali mokakamiza, ndiye kuti kwanga n'kundende? — M'bale wopemphera

Achimwene, zikutengera dziko ndi chaka chomwe munabadwira. Kale yankho linali inde pafupifupi kulikonse.

Britain itayamba kulemba usilikali mokakamiza mu 1916, inaika m'lamulo mwayi woti munthu akane chifukwa cha chikumbumtima. Anthu pafupifupi 16,000 anakana. Koma ankayenera kukaonekera pamaso pa timabwalo ta m'madera, momwe munkakhala akuluakulu omwe ambiri a iwo anali atagamula kale mumtima kuti wokana aliyense ndi wamantha. Masauzande angapo mwa okanawo anakathera kundende.

Munthu wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi katswiri wa nkhonya Muhammad Ali. Mu Epulo 1967, mumzinda wa Houston ku America, dzina lake linaitanidwa kuti alowe usilikali ndipo iye anakana kusuntha phazi. Anamulanda lamba wake, anamugamula zaka zisanu, ndipo ngakhale sanalowe m'ndende podikira apilo, anakhala zaka zoposa zitatu osamenya nkhonya, pa msinkhu womwe thupi lake linali pachimake. Khothi lalikulu linafafaniza chigamulocho mu 1971. Akanavomera, n'zodziwikiratu kuti munthu wotchuka chotero sakanamuika kutsogolo kwa nkhondo. Njira yofewa inali kuvomera. Munthu ameneyu mungam'nene zambiri, koma za mantha ayi.

Masiku ano mayiko ambiri a demokalase anatsegula khomo lachiwiri. Germany inalemba m'malamulo ake oyendetsera dziko a 1949 kuti munthu asakakamizidwe kunyamula zida motsutsana ndi chikumbumtima chake, ndipo m'zaka zotsatira anyamata ambirimbiri anatumikira m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba m'malo mwa kubalaki. Mu 2011 khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Armenia inalakwa kumanga mnyamata wa Mboni za Yehova, Vahan Bayatyan, chifukwa chokana usilikali. South Korea ndiyo inachedwa. Kwa zaka zoposa 60 inamanga anyamata masauzande ambiri, ambiri mwa iwo a Mboni za Yehova, mpaka khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula mu 2018 kuti pakhale ntchito ina yolowa m'malo. Ntchitoyo inayamba mu 2020. Ndi ya miyezi 36, kuwirikiza kawiri nthawi ya msilikali, ndipo malo ogwirira ntchitoyo ndi kundende. Munthu akawerenga zimenezi sadziwa ngati aseke kapena alire.

Ndisakubiseni, achimwene, sindili nanu pa zonse. Ndimaona kuti n'chilungamo kuti ntchito yolowa m'malo italikirepo pang'ono, monga ku Switzerland komwe imatalika ndi theka. Mnzanu akukagona m'matope ndipo akhoza kudzaitanidwa kunkhondo, ndiye pafunika china chosonyeza kuti mwakana chifukwa cha chikumbumtima, osati pofuna zofewa. Koma ikafika powirikiza kawiri, chimenecho ndi chilango chovekedwa malaya ena. Dziwaninso kuti ufulu wanu wokanawo ukutetezedwa ndi ena omwe anavomera. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Okana anzeru omwe ndawawerenga ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ena a iwo anadzipereka kukanyamula ovulala pamalo pomwe zipolopolo zikugwa, opanda mfuti m'manja.

Aphunzitsi, ine ndikuona kuti achinyamata alowerera. Ulemu palibe, ntchito safuna. Bwanji dziko lililonse lingowatenga onse akamaliza sukulu, akakhale zaka ziwiri kubalaki, abwereko ali anthu? — Bambo wodandaula

Bambo, kalata ngati yanuyi ndimalandira chaka chilichonse, ndipo ndazindikira kuti olemba ake onse anapitirira kale msinkhu woitanidwa.

Gulu lankhondo si sukulu yowongolera ana omwe atikanika. Ntchito yake ndi kuteteza dziko, ndipo akuluakulu a asilikali ambiri safuna chikhamu cha anyamata osafuna, oti akangoyamba kudziwa ntchito nthawi yawo yatha. Aliyense wa iwo afunika chakudya, yunifolomu, pogona, chipatala ndi womuphunzitsa, ndipo wophunzitsayo ndi msilikali waluso yemwe mwamuchotsa pa ntchito yake yeniyeni. Zida za masiku ano zimafuna munthu wokhalitsa. N'chifukwa chake Britain inasiya kuitana anyamata mu 1960, America mu 1973, France inatsiriza mu 2001, ndipo Germany inaimitsa mu 2011. Omwe abwererako, monga Lithuania mu 2015 ndi Sweden mu 2017, sanabwerere chifukwa ana asowa mwambo. Anabwerera Russia italanda Crimea mu 2014. Taiwan itatalikitsa nthawi kuchoka pa miyezi inayi kufika chaka chathunthu mu 2024, maso ake anali pa China, osati pa khalidwe la achinyamata. Ndipo ku Norway, ngakhale lamulo limakhudza aliyense, omwe amatengedwadi safika mmodzi mwa anayi alionse a msinkhuwo. Amasankha olimba ndi ofuna. Ana omwe mukuwadandaulawo ndiwo angayambe kusiyidwa.

Pangano la 1930 lija lilinso ndi mawu omwe anthu amawadumpha. Limalola kukakamiza pa ntchito ya usilikali weniweni basi. Boma likayamba kutenga achinyamata m'dzina la usilikali n'kukawalimitsa minda kapena kuwamangitsa misewu ulele, labwerera ku thangata.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikugwirizana nanu, ngakhale simunachitchule. Kusakaniza ana a zigawo ndi mitundu yosiyana kuli ndi phindu. Nigeria itatuluka m'nkhondo yapachiweniweni, boma la Yakubu Gowon linakhazikitsa National Youth Service Corps mu 1973: womaliza maphunziro apamwamba amatumikira chaka chimodzi, kawirikawiri m'chigawo chomwe si cha kwawo, ambiri akuphunzitsa m'sukulu. Imeneyo ndi nkhani yoti anthu angakambirane, ngakhale musaiwale kuti linali boma la asilikali lomwe silinafunse munthu. Koma ulemu womwe mwana sanauphunzire kwa inu m'zaka 18, musayembekeze kuti sajeni aukhomerera m'zaka ziwiri. Chomwe amabwera nacho n'kudziwa kumvera wokuwa kwambiri, komanso kugwira mfuti.

Kumbukiraninso South Africa ya tsankho. Kuyambira 1967 mnyamata aliyense wachizungu ankalembedwa usilikali, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ena anatumizidwa m'makomboni a anthu akuda. Mwambo anali nawo wokwanira. Omwe mbiri ikuwakumbukira mwaulemu lero ndi a End Conscription Campaign, gulu lofuna kuthetsa usilikali wokakamiza lomwe linayamba mu 1983 n'kuletsedwa ndi boma mu 1988.

Aphunzitsi, bwanji nkhaniyi imangonena za anyamata? Ife atsikana si nzika? — Mtsikana wa kusekondale

Mwanangu, funso lakoli mayiko ena ayamba kuliyankha. Norway inasintha lamulo kuti kuyambira 2015 likhudze akazi ndi amuna mofanana. Sweden pobwezeretsa usilikali wokakamiza mu 2017 inachita chimodzimodzi, ndipo Denmark, yomwe imachita maere, inalowetsamo atsikana mu Julayi 2025. Israel yakhala ikulemba akazi kuyambira pachiyambi. Kwina zinthu sizinasinthe: ku Finland ndi ku Switzerland mkazi amalowa mwa kufuna kwake, ndipo mwamuna wa ku Switzerland yemwe sanatumikire amalipira msonkho wapadera womwe mkazi salipira. Ku America, ngakhale palibe yemwe waitanidwa chichokereni 1973, kaundula wa omwe angadzaitanidwe ndi wa amuna okha a zaka 18 mpaka 25. Khothi lalikulu linavomereza zimenezi mu 1981 pa chifukwa choti akazi sankaloledwa kumenya nawo nkhondo. Chiletso chimenecho chinachotsedwa kale, koma kaundulayo akadali wa amuna.

Ena amati akazi amasenza kale katundu wina, wobereka ndi kulera, yemwe dziko silimuwerengera. Mfundoyo si yopanda pake. Koma ine ndinanena kale kuti mayina onse akhale m'chipewa, ndipo sindingabweze mawu chifukwa wafunsa ndi mtsikana. Ungodziwa chomwe ukupempha: dzina lako likalowa, likhozanso kutuluka. Mtsikana uja wa m'kalasi mwanga, titabwezera timapepala titatu tija n'kugwedeza chipewa, lachiwiri kutuluka linali lake.